Kachishango ka m'foni ya Amayi

Lolemba m'mawa, eyiti koloko ili pafupi, ndinaima m'kanjira ka m'nyumba yosamalira okalamba ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, tabuleti ya ntchito ili m'manja, mtima uli m'mwamba. Tabuleti imeneyi ndi imene imatiuza kuti gogo uyu amwa mankhwala ati, nthawi yanji. Chaka chathunthu inkangotseguka ndikalemba pasiwedi. Tsiku limeneli inakana. Inafuna manambala asanu ndi imodzi ochokera m'foni yanga.

Foni ndinali nayo m'thumba. Koma manambalawo anali ku Ntcheu.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono kuti mundimvetse. Nditangoyamba ntchito chaka chatha, katswiri wa makompyuta wa kampani yathu, bambo wamtali dzina lake Callum, anatenga foni yanga, nadinadina, n'kuikamo kapulogalamu ka chizindikiro cha chishango. Analankhula mphindi zisanu osapuma, Chizungu chothamanga cha ku Glasgow kuno, mawu ake onse a m'buku la makompyuta. Ine ndinkangogwedeza mutu. Pa zonse zimene ananena ndinatolapo chimodzi chokha: kapulogalamu aka musadzakachotse.

“Mwamva?” anandifunsa.

“Ndamva, zikomo kwambiri.”

Inu mukanayankha kuti chiyani? Tinaleredwa kuti munthu wophunzira akamalankhula sumudula pakamwa, ndipo kufunsa kawiri n'kumutayitsa nthawi. Komanso ndinali mlendo pantchitopo. Sindinkafuna kuti aziti anaitanitsa mbuli kuchokera kutali.

Mwezi watha ndinagula foni yatsopano. Yakaleyo ndinachita nayo zimene tonsefe timachita. Mayi ena a ku mpingo kwathu ankapita kumudzi, ndipo mukudziwa kuti sutikesi ya munthu wopita kumudzi si yake yekha: mumalowa majuzi a eni ake, nsapato za eni ake, mafoni a eni ake. Ndinafufuta zithunzi, mauthenga, chilichonse. Kachishango kokha ndinakasiya, paja anati musachotse. Foni itafika kwa Amayi ku Ntcheu, ndinawalangiza motsindika.

“Amayi, muona kachishango kabuluu pakona. Kameneko musakakhudze, musakachotse.”

“Chabwino, mwanawe,” anatero Amayi. Sanafunse chifukwa.

Ndiye Lolemba lija ndinaimbira ku ofesi ya makompyuta. Anayankha ndi Callum yemweyo.

“Kodi registered device yanu muli nayo pomwepo?”

Ndinayang'ana foni yanga yatsopano, yolembetsedwa m'dzina langa. “Ndili nayo.”

“Ndiye tsegulani authenticator.”

Sindinafunse kuti chimenecho n'chiyani. Ndinangoti dikirani pang'ono. Apo m'pamene maso anga anagwera pakona ya tabuleti ija, ndipo ndinaona kachithunzi kakang'ono ka chishango chabuluu. Kanali kachishango komwe kaja ka m'foni imene ndinatumiza ku Ntcheu.

M'chipinda chachitatu agogo Alec ankadikira. Ndi bambo amene anakalambira m'ntchito yokhoma sitima za pamadzi ku Govan, ndipo matenda awo onjenjemera safuna kuti mankhwala achedwe. Namwino wa tsikulo anali m'chipinda cham'mwamba ndi gogo wina amene anagwa. Ndinadula foni ya Callum, ndinalowa m'kachipinda kosungira mabulangeti, n'kuimbira ku Ntcheu.

“Amayi, tsegulani kachishango kaja.”

“Kaja unandiletsa kaja?”

“Komweko, Amayi, fulumirani. Mundiwerengere manambala amene mukuona.”

“Dikira ndivale magalasi. Naini... folo... seveni... iih, asintha!”

Sindinkadziwa kuti manambalawo amasintha theka la mphindi lililonse. Tinayesa katatu, Amayi akuwerenga, ine ndikulemba, tabuleti ikukana. Kenako Amayi anati pabwera kabatani kobiriwira.

“Dinani, Amayi!”

Anadina. Tabuleti inandiuza kuti dzina langa latsekedwa.

Agogo Alec anamwa mankhwala awo mochedwa ndi mphindi makumi awiri, namwino atatsika. Teni koloko isanakwane, a manijala athu, mayi Moira, anandiitanira mu ofesi. Sanandiuze kuti ndikhale pansi.

“Munthu wina ku Malawi wayesa kulowa m'mafayilo a okalamba athu pogwiritsa ntchito dzina lanu. Pitani kunyumba. Tikumane Lachinayi.”

Amene muli kuno mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Viza yanga inamangiriridwa pa ntchito imeneyi. Ntchito ikatha, masiku okhala m'dziko lino amayamba kuwerengeka, ndipo ana anga awiri amene amaphunzira konkuno ku Sighthill, amene Chichewa amangochimva koma kuyankha m'Chizungu, ayamba kulongedza. Ndinakwera basi kubwerera kunyumba. Ndinali ndi mantha, ndipo sindibisa, ndinalinso ndi mkwiyo.

Mkwiyowo ndinakhala nawo masiku atatu, ndipo ndinasowa woulunjika. Callum sananame. Zonse zimene ananena chaka chatha zinali zoona, ndikukhulupirira. Koma choonadi chimene wochimva sanachimvetse chimateteza ndani?

Ife osamalira okalamba amatiphunzitsa chinthu chimodzi tsiku loyamba lenilenilo: usamufunse munthu kuti “mwamva?”, chifukwa aliyense amati eya. Umupemphe akubwerezere m'mawu akeake. Ndikamawapatsa agogo Alec mankhwala sindiwatchulira dzina lalitali lolembedwa pabotolo. Ndimawauza kuti awa ndi oletsa manja kunjenjemera, mukawaphonya kapu ya tiyi ikugwani. Nanga akatswiri a makompyuta anawaphunzitsa kuti? Amapanga maloko olimba kwambiri, zoonadi, koma amawafotokoza ngati akuuza katswiri mnzawo. Zinthu zikavuta amalemba mu lipoti kuti cholakwa chinali cha wogwiritsa ntchito.

Koma nafenso tisadziyeretse. Lachitatu kumapemphero ndinaulula nkhani yanga kwa anzanga, ndipo aliyense anali ndi yake. Namwino wina wa pachipatala chachikulu anati pasiwedi yake amailemba kuseri kwa baji ya pachifuwa, chifukwa amamusinthitsa kawirikawiri ndipo palibe amene anamuuzapo chifukwa chake. Mkulu wa mpingo wina, bambo olemekezeka kwambiri, anati kompyuta ikawafunsa chilichonse amangodina povomera kuti iwasiye agwire ntchito. Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu amene akudziwa kuti mawa akhoza kukhala iwo. Ulemu wathu uja wogwedeza mutu, umene kumudzi amatiyamikira nawo, kuno ukhoza kutikweza ndege.

Lachinayi linafika. Mu ofesi munali mayi Moira, Callum, ndi mayi wina wochokera ku likulu la kampani amene ankalemba chilichonse. Ndinafotokoza zonse, kuyambira sutikesi mpaka magalasi a Amayi. Nditamaliza, Callum anagwira mutu ndi manja onse awiri.

“Koma kapulogalamu kaja ndi kiyi wa nyumba ino,” anatero.

Kiyi. Mawu amene ngakhale Amayi ku Ntcheu akanawamva. Callum anali nawo m'kamwa chaka chonsechi, koma anawatulutsa madzi atafika m'khosi. Akanandiuza tsiku loyamba lija kuti uyu ndi kiyi, kodi ndikanamuika m'sutikesi ya munthu?

Kenako anatembenukira kwa mayi a ku likulu aja. “Tingochita remote wipe, nkhani ithe.”

Mayi aja anagwedeza mutu. Mayi Moira anagwedeza mutu. Ndinamva khosi langa nalonso likuyamba ntchito yake ya masiku onse. Ntchito yanga inali m'manja mwa anthu atatuwa, ndipo nzeru zonse zinkandiuza kuti ndikhale chete, ndioneke womvera.

“Pepani,” ndinatero, mawu akutuluka mwapansipansi. “Sindinamve. Zimenezo zikutanthauza chiyani?”

Cholembera cha mayi aja chinaima. Callum anati zikutanthauza kuti iyeyo, ali pampando wake ku Glasgow, afufuta chilichonse chimene chili m'foni ija. Chilichonse. Manambala a abale, zithunzi za adzukulu zimene ndakhala ndikutumiza, nyimbo za kwaya zimene Amayi amamvera posenda nandolo.

“Simungachotse za ntchito zokha?”

“Zimatheka,” anatero. “Ndi batani lina chabe.”

Mayi Moira anatsokomola pang'ono. “Kunena zoona, nanenso sindinkadziwa tanthauzo lake.”

Ntchito sinathe. Anandipatsa kalata yochenjeza imene ikhale mufayilo yanga chaka chathunthu, ndipo anandiuza mosapsatira kuti ndikalakwitsanso kamodzi pa nkhani ya chitetezo, sipadzakhalanso msonkhano. Callum sanalandire kalata iliyonse. Lachisanu ndinabwerera kuntchito, kachishango katsopano kali m'foni yatsopano, ndipo ndinamuumiriza kuti andifotokozere kawiri, ine n'kumubwerezera m'mawu anga mpaka atavomera.

Masana a tsiku lomwelo, pa nthawi yopuma, foni inalira. Anali Amayi.

“Mwanawe, kachishango kaja kachoka. Ndadzuka m'mawa kulibe. Ine sindinakachotse, Mulungu ndi mboni. Ndafufuza paliponse. Kodi ndakulakwitsira ntchito?”

Kuyambira m'mawa mayi anga anali asanadye, akudziimba mlandu pa chinthu chimene sanauzidwepo kuti n'chiyani. Ndipo amene anawapatsa lamulo lopanda chifukwa, n'kukhutira atamva kuti “chabwino, mwanawe”, sanali Callum. Ndinali ine.

Ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinakhala pa mulu wa mabulangeti, n'kuyamba kuwafotokozera za kiyi.

Nanga inu, m'foni mwanumo muli tingati timene munauzidwa kuti musachotse, inu n'kugwedeza mutu?