Kamaikolofoni kanali pa malaya anga

Abale, mwaswera bwanji nonse.

Lero ndatsegula vidiyo ya ukwati wa achemwali anga, a Esnati, pa kompyuta. Paja ndinakana maikolofoni ya kutchalitchi kuti imalira ngati njuchi, ndikukabwereka kakang'ono kopana pa malaya kuti malumbiro amveke bwino.

Zithunzi zatuluka zokongola, maina awo ndawaika akuuluka pamwamba pa munda wa tiyi. Koma mawu a akwati kulibe. Ndalimbana ndi pulogalamuyi kuyambira m'mawa, kuzimitsa, kuyatsa, kuinyoza. Kenako ndakweza voliyumu.

Abale, kamaikolofoni kaja ndinaiwala kuwapana alamu anga, mkwati wamwamuna. Kanali pa malaya anga ukwati wonse.

Pamene achemwali akulumbira misozi ili m'maso, mukumveka ine ndikunong'ona kuti, "Abusawa akapitiriza chonchi, nkhuku tiipeza itatha." Bwinobwino, ngati pa wailesi.

Apongozi a achemwali aku Goliati akufuna kuionera Lamulungu likubwerali. Ndiikepo nyimbo ya kwaya pamwamba, kapena ndikagwade ndinene zoona?

Ndangokumbukira kuti a Esnati ali m'gulu momuno. Achemwali, ndaona kuti mwawerenga. Pepani.