Mpando wa a Layini

Amuna anga anthu amawatcha a Layini. Ntchito yawo ndi kupenta mizere pabwalo la tenesi la kalabu, koma Loweruka amakwera pampando wautali uja n'kukhala oimbira masewera. Mpando umenewo amaukonda kuposa ine, sindibisa. Kunyumba ukawapatsa tiyi wozizira amakweza dzanja n'kuti, "Auti!"

Bwalolo lili ndi vuto limodzi. Mbali yakumpanda, masana dzuwa limalasa m'maso moti mpira umauona wakugunda kale pamphuno. Paja osewera amasinthana mbali ikatha gemu yoyamba, yachitatu, yachisanu, choncho, kuti asamapse mmodzi yekha.

Tsiku la fainolo anakumana a Tcheyamani a kalabu ndi makaniko wina wamtali ngati nsungwi. Itangotha gemu yachitatu, a Tcheyamani anawerama kutola mpira, kabudula kumbuyoku kwee! Anthu anafa nazo. Iwo anathamangira kukavala wina, ndipo pobwera anakaima pamthunzi pomwe anali. A Layini, misozi ya phwete ikadali m'maso, anangoti, "Sewerani."

A Tcheyamani anatenga mapointi atatu motsatizana. Apo m'pamene ndinaona amuna anga akuyang'ana pepala la mapointi, kuyang'ana dzuwa, kuyang'ananso pepala. Naonso a Tcheyamani anaona. Anabwera pansi pa mpando ngati akufuna thaulo.

"A Layini, mpandowu ukukuyanjani, eti? Khalanipo bwino."

Ine ndinali pabenchi chapafupi, ndinamva zonse. Mumtima ndinkati, bambo inu, tsekani pakamwa, palibe waona!

Kodi amamva?

"Imani! Ndasokoneza ndine. Sinthanani mbali."

Makaniko analumpha. "Ndiye tiyambirenso gemuyi, madala!"

"Ayi. Mapointi amene aseweredwa sabwerera. Cholakwika timakonza pomwe tachionera, n'kupitiriza."

Taonani munthu! Mawu ochepa okha, wakwiyitsa onse awiri. Makaniko ankalalata kuti wamubera atatu, a Tcheyamani ankatukwanira m'thaulo. Atapita kudzuwa kuja, a Tcheyamani ankangomenya mphepo. Gemuyo inawapulumuka, mtima unakwera, ndipo chikho chinapita kugalaja.

Lolemba kunabwera kalata yothokoza a Layini chifukwa cha zaka khumi ndi zinayi za ntchito yotamandika. Mpando anapatsa mlamu wa a Tcheyamani, munthu wowerenga mapointi ndi zala.

Amuna anga ndinawakalipira sabata yathunthu, chifukwa zinandiwawa. Iwo ankangotsuka mabulashi awo kuseri kwa nyumba. Loweruka litafika anasita malaya oyera mwa chizolowezi, kenako anakumbukira, n'kuwabweza pahang'ala. Apo ndinalephera kupirira.

"Koma bambo a ana, mukanangokhala chete mukanafa?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Mayi, makaniko uja anali atapsa kale ndi dzuwa magemu awiri. Inali nthawi ya wina."

Ndinatenga malaya aja n'kuwauza kuti avale basi, tikaonere limodzi pabenchi.