Ng'ombe Yojambulidwa pa Chitini

Ine cha m'chitini kapena cha m'paketi sindidya ndisanamve zonse zimene zalembedwapo. Mdzukulu wanga, yemwe ndi namwino, amandiseka. Akuti masiku ano boma limafuna kuti chakudya chochokera kunja chizilembedwa m'Chipwitikizi, wogula adziwe chimene akudya. Ndimamuuza kuti apite kumsika akaone mapaketi obwera panjinga zamoto kuchokera kumalire, adzandiuze ngati onsewo akulankhula Chipwitikizi. Nanga wolembayo, ndani anamuona pothira? Iye amati ndine wovuta. Sindikana. Ndikudziwa ndi chaka chomwe chimene ndinayamba kuvutako.

Nthawi imeneyo tauni ino inkatchedwa Vila Cabral, ndipo ine ndinali ndi mwana mmodzi kumbuyo. Ndinabadwira m'banja lachikhristu, kuwerenga Chinyanja ndinaphunzira kumishoni. Amuna anga anali Msilamu wa ku Meponda, kunyanja, ankachapa ndi kusita zovala za mzungu wina wa ku ofesi. Pokwatiwa ndinalowa Chisilamu ndi mtima wonse, koma apongozi anga sanakhulupirire. Ankati madzi a ubatizo sauma msanga. Akabwera kudzacheza ankanyamula mphika wawo wadothi ndi usipa wawo wouma, n'kumaphika okha kuseri kwa nyumba. Changa sankalawa, ngakhale chinangwa chootcha.

Chaka china apongoziwo anadwala chifuwa chachikulu. Anabwera nawo palole yonyamula nsomba, mwezi wa chisanu chija cholowa mpaka m'mafupa, munthu wozolowera kutentha kwa kunyanja. Kuchipatala anati azibayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo. Anali ataonda, zibangili zikukwera mpaka m'chigongono, ndipo mphamvu zophikira okha analibe. Bambo amene ankawabaya jakisoniyo anandiitanira pambali.

"Mayi, singano yokha sinenepetsa munthu. Muziwathirira mafuta m'phala. Manteka, ngati mungathe."

Manteka ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe amene azungu ankapaka pabuledi. Ankapezeka kukantina basi, sitolo ya mzungu. Ife m'kantina sitinkalowa, tinkagulira pazenera lakumbali. Umaimirira panja n'kuloza ndi chala, ndipo katundu umam'gwira akakhala kale wako. Nanga zitini zonsezo, zina zochokera ku Ulaya, zina ku Joni, zina kaya kuti, tikanazidziwa bwanji? Tinali ndi kawerengedwe kathu. Pakakhala nsomba pachitini, ndi nsomba. Pakakhala phwetekere, ndi phwetekere. Pakakhala ng'ombe yathunthu ikudya msipu, ndiye kuti ndi za mkaka. Amayi onse a m'dera lathu ankagula motero, ndipo palibe amene anadandaulapo.

Pashelefu panali zitini ziwiri za ng'ombe, chaching'ono ndi chachikulu. Ndinaloza chachikulucho.

"Manteka?" ndinafunsa mzungu wa kantina.

"Yomweyo, yomweyo. Tenga, pita," anayankha ndi Chinyanja chake chothyoka, maso ali kwa munthu wina.

Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa. Masiku ena ndimati nayenso chilankhulo cha pachitinicho sankachimva. Masiku ena ndimati ankachimva bwinobwino.

Apongozi anachilandira ndi manja awiri, n'kuchitembenuzatembenuza. Anaitana mwana wawo kuti awerenge. Amuna anga ankadziwa zilembo zachiarabu zokha, za kumadarasa, ndiye anangopukusa mutu. Anandipatsa ine. Zilembozo zinali zomwe zija ndinaphunzira kumishoni, ndinkatha kuzitchula chimodzichimodzi, koma zikalumikizana sizinkanena kanthu kwa ine. Kunsi kwa ng'ombeyo kunali mizere iwiri ya tizilembo tating'ono ngati nyerere. Sichinali Chipwitikizi, pakuti chimenecho ndinkachizindikira ngakhale pang'ono.

"Mwati mwaphunzira sukulu, inu," anatero apongozi. "Nanga yatani?"

"Izi si zathu, amayi. Koma ng'ombe ndi iyi, mukuiona nokha."

Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuipalasa ndi chikhadabo ngati ingachoke. Titatsegula ananunkhiza. Mafutawo anali oyera kuposa mmene ndinkaganizira, koma manteka ndinali ndisanaionepo pafupi. Anati bisimila, n'kulandira phala kuchokera m'dzanja langa. Kanali koyamba chikwatiwire changa.

Masabata atatu anadya phala limenelo m'mawa ndi masana. Ndinena zoona, ngakhale zimandiwawa: anayamba kupeza bwino. Masaya anabwerera, kuchipatala ankayenda okha osatsamira paphewa langa. Tsiku lina ndikuwaveka bulangete pakhonde anandiitana kuti "mwanangu". Kenaka anatulutsa mphika wawo uja n'kundipatsa kuti ndiziphikiramo za banja lonse. Ndinakagulanso chitini chachiwiri.

Choyamba chija chitatha ndinachitsuka, pakuti chitini nthawi imeneyo sichinkatayidwa. Mmawa wina mchere unandithera, ndiye ndinachitenga kukapempha kwa anansi athu. Anali akhristu, mwamunayo anakhala zaka zambiri kumigodi ya ku Joni, ndipo tsopano ankasoka nsapato pakhomo pake. Mkazi wake atalowa kukatapa mcherewo, bamboyo anatenga chitinicho pamene ndinachiika, n'kuchitalikitsa ndi maso.

"Ha! Alamu, mwabwerera kwathu kodi? Lamulungu tikusungireni malo kutchalitchi?"

"Mwayamba nthabwala zanu mmawamawa, alamu."

"Nthabwala zanji? Ichi tinkadya kukomponi. Ashehe anu akudziwa kuti mukukazingira chimenechi?"

"Ndi manteka. Ng'ombe simukuiona?"

Kuseka kuja kunatha. Anaika chala pa tizilembo tija n'kuwerenga pang'onopang'ono, mzere woyamba m'Chingerezi, wachiwiri m'Chibunu. Anati zonse ziwiri zikunena chimodzi: mafuta ophikira, a ng'ombe osakaniza ndi a nkhumba.

"Werenganinso," ndinatero.

"Ndingawerenge mpaka dzuwa kulowa, mlamu, nkhumbayo sichokamo."

Potembenuka ndinaona mkazi wake ataima pakhomo ndi mchere m'manja. Anali munthu wabwino, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Ndinadziwa kuti pofika mawa nkhaniyo ikhala itamveka pachitsime ponse, ndipo ena mwa otunga pamenepo anali a ku Meponda.

Panjira yobwerera ndinaganiza zokwirira zitini zonse ziwiri n'kukhala chete. Munthu akuchira, ndimuuzirenji? Koma ndinaona kuti akamva kwa ena, adzati wa kumishoni uja anachita dala. Apongozi ndinawapeza akuothera dzuwa, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja. Ndinagwada n'kunena zonse, osabisa kanthu.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anadzuka, n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawamva akudzikakamiza kusanza mpaka chifuwa chinawagwira. Atabwerako anafunsa funso limodzi.

"Mphika wanga uja, mwathiramonso?"

"Eya, amayi."

Anautenga okha n'kuuponya pamwala.

Amuna anga anathamangira kwa ashehe. Iwo anabwera masana omwewo, anakhala pamphasa n'kuwalankhula mofatsa. Anati wodya haramu mosadziwa alibe tchimo, ndipo wophikayo nayenso sanadziwe. Anati moyo ndi chosungitsa cha Mulungu, munthu asautaye chifukwa cha chinyengo cha ena.

"Ndamva, ashehe," anayankha apongozi. "Mulungu wakhululuka. Koma mnofu uwu mukuuonawu wachokera kuti? Ndiswali nawo bwanji pamaso pa Mulungu?" Anadzitsina patsaya.

Kuyambira pamenepo chilichonse cha m'tauni anachikana. Shuga ayi, poti wadzera pazenera lomwe lija. Mchere ayi. Ufa anafuna kudziwa amene anasinja. Ndinawapempha kuti ndisinje iwo akuona, ndiphike iwo akuona, mumphika watsopano wosaphikidwamo kanthu.

"Nanga chitini chija simunatsegule ine ndikuona?" anatero. "Sindikukudani, inu. Maso anga ndi amene ndasiya kuwakhulupirira."

Mawu aja akuti mwanangu sanabwerenso.

Masiku anayi anakhalira madzi ndi nthochi. Tsiku lachisanu anamanga katundu wawo, akuti akadye nsomba imene aiona ikutuluka mu ukonde. Wobaya jakisoni anatikalipira kuti mankhwala osamaliza ndi oipa kuposa osayamba. Amuna anga anagwada, anachonderera, mpaka analira pamaso pa mayi wawo. Sizinathandize. Anakwera lole yomwe ija yobwerera kunyanja, atakhala pamadengu opanda kanthu, osacheuka.

Ine ndinapita kuzenera kuja ndi chitini chachiwiri chija. Ndinachiika pathabwa n'kunena kuti muli nkhumba. Mzunguyo anachiyang'ana, anakweza mapewa, n'kunena kuti chotsegula sichibwezedwa. Kumbuyo kwake ng'ombe zija zinali zitandandalikidwa bwinobwino, ndipo pambali panga panali mayi wina wampango akuloza. Ndinam'gwira dzanja n'kulitsitsa. Tsiku limenelo ndinaletsa mmodzi. Enawo kaya.

Apongozi anamwalira mvula isanagwe. Tinatsika ku Meponda kumaliro. Ndinapita kumene amayi ankaphika n'kugwira chipande, koma mlamu wanga wamkulu anandilanda mwaulemu, akumwetulira.

"Mwatopa ndi ulendo, alamu. Inu muzingotola nkhuni."

Ndinatola nkhuni pamaliro amenewo, ndi pasadaka yake, ndi pazochitika zonse za banja limenelo kwa zaka zimene ndinakhala ndi amuna anga. Iwo sanandisiye, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi. Koma ndinkawaona pakudya, mmene ankayambira kununkhiza asanatape.

Mdzukulu wanga akabwera ndi paketi, amadziwa kale chochita. Amakhala pansi n'kuwerenga mokweza, kuyambira pamwamba mpaka tizilembo ta pansi penipeni, n'kumandimasulira mawu amodziamodzi. Akafika pa mawu amene nayenso sakuwadziwa amafuna kulumpha, koma ine ndimamva mpweya wake ukasintha. Ndimamuuza kuti abwerere pamenepo. Akalephera, paketiyo amabwerera nayo kwake.