Tsiku Limene Foni ya Mayi a Pakona Inasowa Malo

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni. Kabenchi kanga kali pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi nyumba ya Mayi a Pakona, ndiye za mayi amenewa musandiuze, ndimazidziwa. Dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalitchula mumsewu muno anthu angokuyang'anani. Nenani kuti kwa Mayi a Pakona, osoka aja, aliyense akulozerani.

Amuna awo anamwalira kalekale, n'kuwasiyira makina osokera opondera ndi mwana mmodzi wamkazi. Makina amenewo ndi amene analera mwanayo. Mayunifolomu a sukulu, kupinda mathalauza, kuika zipi, tsiku ndi tsiku. Mukawapeza magalasi ali pamphuno, tepi yoyezera m'khosi, mapini pakamwa. Amalankhula nanu mapiniwo ali pakamwa pomwepo, inu mtima uli m'mwamba, iwo alibe nazo ntchito.

Mwana uja atakula anapita kunja kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Atabwera kutchuthi anaona mmene amayi ake ankavutikira, chifukwa mbali yathu ino ndi yotsika, netiweki ya foni timachita kuisaka. Kuti mumvane bwino ndi munthu muyenera kukwera kumtunda kwa msewu. Ndiye anawagulira rauta, kabokosi koyera kogawa wayifayi, n'kundipempha kuti ndikaike pamwamba pa kabati ya nsalu.

"Achimwene," anatero, "amayi ndikuwasiya m'manja mwanu. Ndikaimba ndiziwaona nkhope."

Tsiku lomwelo ndinawauza mayiwa kuti pasiwedi ndi kiyi wa pakhomo, sagawa. Anavomera bwinobwino, "Ndamva, bambo." Kumva kwake kuti? Wobwera kudzayesa diresi, pasiwedi. Mlonda wa pasitolo, pasiwedi. Amayi a kwaya onse, pasiwedi. Mapeto ake anailemba pachitseko ndi choko chawo chosokera, ati atopa kuitchula. Ndikakalipa ankangoseka. "Kodi imatha ngati shuga? Kupatsa n'kuika, bambo." Ine ndine wosachedwa kupsa mtima, koma kukangana ndi mayi aja kunali kutaya malovu.

Chaka chatha mwana uja anadwala. Madokotala a kumeneko anati ali ndi chotupa m'mutu, pafunika opaleshoni. Foni yake inasweka tsiku limene anagwa kuntchito, choncho uthenga unkabwera pa mafoni a manesi, lero nambala iyi, mawa ina. Uthenga womaliza unati Lachinayi masana, asanalowe naye kuchipinda cha opaleshoni, nesi wina amubwereka foni kuti alankhule ndi amayi ake. Nambala ya nesiyo panalibe woidziwa. Ntchito ya amayi inali yodikira basi.

Mayi a Pakona anachita zimene munthu wosamala aliyense akanachita. Batire ya foni yawo inali yotopa, yosachedwa kutha. Ndiye Lachitatu anaitchaja mpaka kudzaza, n'kuizimitsa, n'kuikulunga m'kansalu, n'kuitsekera m'dirowa ya makina. Ankafuna kuti mwana akaimba, moto ukhale wokwanira kucheza naye mpaka manesi atamulanda foniyo.

Lachinayi m'mawa anthu anayamba kufika kudzapemphera nawo. Amayi a kwaya, makasitomala, anansi, ngakhale anthu amene anangopinditsapo thalauza kamodzi. Anadzaza pabalaza, m'chipinda chosokera, pakhonde, ena anatsamira mpanda panja. Ine ndili pabenchi panga ndinkamva nyimbo, mtima unkandiwawa, komanso ndinkati m'mtima, aa, mayi awa amakondedwa.

Dzuwa litafika pamutu Mayi a Pakona anatulutsa foni n'kuiyatsa. Sinalumikizike. Anachita manyazi kusokoneza mapemphero, ndiye analimbana nayo okha pakona ya chipinda, kwa nthawi ndithu. Kenako anthu anazindikira, n'kuyamba kuilandizana. Wina akuti ikwezeni m'mwamba, wina akuti igwedezeni, wina akuti chotsani simu muipukute. Aliyense anasanduka katswiri. Ine wa mafoni ndili tsidya la msewu, palibe anaganiza zondiitana mpaka mayi wina wa kwaya anabwera akuthamanga, nsapato m'manja.

"Bambo a mafoni, tiyeni msanga! Yakana!"

Mayi a Pakona ndinawapeza atakhala pampando wa makina. Anandipatsa foni. Pagalasi dzina la wayifayi linalipo, mphamvu yake yodzaza, koma pansi pake panali timawu tachingerezi tonena kuti foni ikupempha adiresi. Imapempha, n'kulephera, n'kuyambiranso. Kwa inu osadziwa, foni iliyonse ikafuna kulowa, rauta imaipatsa nambala yakeyake, ndiyo adiresiyo. Popanda nambala imeneyo, ngakhale pasiwedi ikhale yolondola, simulowa.

Ndinayamba ndi zimene timayamba nazo. Ndinazimitsa wayifayi ya pafoni n'kuiyatsanso. Ayi. Ndinaiuza foni kuti iiwale netiwekiyo, n'kulembanso pasiwedi, ndikuiwerenga pachitseko paja. Ayi. Ndinaizimitsa yonse n'kuiyatsa, ndinaima pansi penipeni pa kabati. Ikupemphabe adiresi. Ndinayesa kuwagawira bandulo ya pafoni yanga, koma m'nyumba mmene muja netiweki inali zii. Thukuta kamukamu.

"Kodi yafa?" anafunsa Mayi a Pakona.

"Siinafe, amayi. Dikirani pang'ono."

Potembenuka ndinaona pawindo bambo wina pakhonde, mutu pansi ngati akupemphera, chonsecho akuonera mpira pafoni. Zithunzi zikuyenda bwinobwino, osadukiza. Apo mpamene ndinazindikira kuti rauta ilibe vuto, ikugwira ntchito, kungoti yadzaza. Karauta kaja kali ndi maadiresi owerengeka, ngati mipando ya m'basi. Foni ya mayi itazimitsidwa nthawi yaitali chonchija, mpando wake unaperekedwa kwa wina. Ndipo foni iliyonse imene inalowa pageti m'mawa umenewo inkaikumbukira pasiwedi, inangolumikizika yokha ili m'thumba, mwini wake akuimba nyimbo.

Ndinakuwa, ndipo sindinasankhe mawu. "Nonsenu, zimitsani wayifayi! Mwawakhalira pampando amayi! Msanga!"

Nyimbo inadukira pakati. Anthu anayamba kupisa m'matumba ndi m'zikwama, ena osadziwa n'komwe pozimitsira, kufunsa anzawo. Mayi wina wachikulire anayamba kulira, ati iye sanagwireko foni chifikireni. Ankanena zoona, ndipo sindinayenera kumukalipira. Koma ngakhale onse atazimitsa, foni ya mayi inakanabe, chifukwa rauta imasungira munthu malo kwa kanthawi ngakhale watuluka. Ndinakwera pampando, ndinazula chingwe cha magetsi, ndinadikira pang'ono, n'kubwezera.

Abale inu, rauta ikamayaka imachedwa, koma tsiku limenelo inanyanya. Kanyali kofiira kaja kanangoti phethiphethi, maso onse pamwamba pa kabati. Kenako kanasanduka kobiriwira. Foni inapempha adiresi, n'kupatsidwa nthawi yomweyo.

Inayamba kulira motsatizana, ting'i, ting'i, ting'i. Sikunali kuimba ayi. Zinali zizindikiro zoti nambala yachilendo inaimba kangapo osayankhidwa, ndipo pansi pake panali uthenga umodzi wa mawu. Ndinaimbanso nambalayo pompo. Anayankha nesi, n'kunena mwaulemu m'chingerezi kuti pepani, anadikira mmene akanathera, koma wodwalayo alowa naye kale.

Mayi a Pakona anavula magalasi. "Tsegulani uthengawo, bambo."

Mawu a mwana uja anali otopa, koma ankayesa kuseka. "Amayi, ndine. Ndaimba, ndaimba, simukupezeka. Musadandaule, mwina netiweki. Andimeta mpala, mukanandiona mukanaseka. Ndimafuna ndingokuonani pang'ono, ndikuchita mantha, amayi. Basi, akubwera kudzanditenga. Ndikadzuka ndiimba."

Palibe anayambitsanso nyimbo. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, mitu pansi, ngati akuba, chonsecho anabwera ndi mtima wabwino. Bambo wa mpira uja anaima pageti nthawi yaitali, akufuna kubwerera kuti apepese, koma mapeto ake anangopita.

Mwana uja sanadzuke. Uthenga unafika Lachisanu m'mawa, pa nambala ina yachilendo, ndipo ulendo umenewu foni inalira bwinobwino.

Madzi akatayika saoleka. Makina aja anakhala chete milungu ingapo, kenako ndinayambanso kumva kulira kwake, mwapang'onopang'ono. Mayiwo sanadzudzule munthu aliyense. Amene anabwera kudzapepesa anawauza kuti, "Munabwera kudzandithandiza, mwalakwanji?" Ine ndiye ndinali ndi ukali, ndi anthu, ndi karauta kaja, ndi msewu wathu wotsikawu. Mwana uja ndinamuona akuphunzira kuyenda pakhonde la nyumba yawoyo, ndipo zinandipweteka kwambiri.

Tsiku lina masana Mayi a Pakona anawoloka msewu n'kudzakhala pabenchi panga, chinthu chimene sanachitepo. Anati ndiwasungire uthenga wa mawu uja penapake, kuopa kuti foni ingafe nawo. Ndinaukopera pa kamemori khadi, n'kuuikanso pa kompyuta yanga. Iwo ankangoyang'ana manja anga. Nditamaliza sananyamuke.

"Bambo, inu mumazidziwa zinthuzi. Mundiuze zoona." Anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya nsalu yawo. "Ndikanangoisiya yoyaka, osaizimitsa, malo anga akanawapereka kwa wina?"

Yankho ndinali nalo. Foni yoyaka imasunga malo ake, ngakhale pabwere anthu ochuluka bwanji. Ikanalira, ndipo akanamuona mwana wawo.

"Zamakinazi n'zovuta kudziwa, amayi," ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, monga amayang'anira kasitomala wonama kuti thalauza linafupika lokha. Kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndimasunga moto kuti ticheze nthawi yaitali," anatero, n'kunyamuka.