Mapiritsi Ogawana ndi Mlamu

Mumsika timawatchula kuti Mayi Saizi, chifukwa akangoyang'ana phazi lako amadziwiratu nsapato yokukwana usanakhale n'komwe pansi. Anayamba geni ya nsapato ali mtsikana, ndipo pabenchi pawo sipasowa anthu, ogula ndi ongocheza omwe. Ali ndi dzanja lopatsa. Chimene agwira, theka n'la mnzawo.

Bipi itawavuta, analowa nawo m'kafukufuku wa mankhwala atsopano kuchipatala. Anamwino anawafotokozera kuti ena amalandira mankhwala enieni, ena mapiritsi ongofanana nawo, ndipo ngakhale anamwinowo sadziwa kuti wina walandira ati. Anawafunsanso ngati ali oyembekezera. Mayi Saizi anaseka mpaka kutsokomola.

Kuyambira pamenepo anasanduka mlaliki. "Mchere pang'ono, achimwene. Yendani wapansi, nsapato ndi izi. Kafukufuku ameneyu adzapulumutsa ana anu."

Mlamu wawo, mkazi wa mchimwene wawo wamng'ono, amagulitsa masokosi pambali pawo. Nayenso mutu unkamuwawa masana alionse. Mayi Saizi sakanatha kumeza piritsi mlamu akubuula pafupi, choncho ankalibenthula pakati ndi chikhadabo.

"Imwani, alamu. Za ulere izi, musachite manyazi ngati mkamwini."

Tsiku lina mlamuyo anapempha nsapato zofewa. Mayi Saizi anayang'ana pansi, n'kuona mapazi atatupa, zingwe za patapata zitalowa m'mnofu.

"Phazi ili si lanu, alamu. Mwabwereka kwa ndani?"

Mlamu anamwetulira, n'kugwira pamimba. "Ndimafuna ndikuuzeni mwezi ukatha. Achimwene anu sakudziwabe."

Mayi Saizi anakumbukira funso limene anaseka kuchipatala. Anaphimba nsapato ndi lona dzuwa lili pamutu, kasitomala atavala imodzi, n'kumugwira mlamu pamkono.

M'kachipinda ka kafukufuku munali fungo la sipiriti. Namwino anamvetsera osaphethira.

"Wamwa kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chiyambireni mutu. Mwina tili m'gulu la mapiritsi abodza aja, eti asisitala? Ine bipi yangatu sinatsike kwenikweni."

"Mumamwa theka, mayi. Ife timaganiza zokuwonjezerani." Namwino anatembenukira kwa mlamu. "Mankhwalawa sanayesedwepo pa amayi oyembekezera. Palibe akudziwa chimene amachita kwa mwana. N'chifukwa chake timafunsa."

Anaimbira adokotala oyang'anira kafukufuku kuti aulule gulu la Mayi Saizi. Podikira, mlamu ankasisita pamimba ndi chala chimodzi, maso ali pakhoma.

Foni inalira. Namwino anayankha mawu awiri okha, n'kuiika pansi pang'onopang'ono, akuyang'ana mlamu.

"Ndi enieni. Tiyeni kochita sikani, mayi. Nsapatozo zisiyeni, tikukankhani panjinga ya odwala."

Mayi Saizi anatsala pabenchi ya pakhonde, patapata za mlamu zili pamiyendo. Anatulutsa foni, napeza nambala ya mchimwene wawo, koma chala chinakana kudina.