Zala Ziwiri ndi Fungo la Petulo

Nditabwerako ku Joni ndinatha zaka ziwiri osatsikira kugombe nthawi imene asodzi amathira mafuta m'mainjini. Kwathu ku Khuyu, pachilumba, zimenezi n'zovuta, pakuti nyumba yathu ili pafupi ndi pomwe amakocheza maboti. Ndikangomva fungo la petulo, m'maso mwanga munkabwera chitseko cha malata chikuyaka. Alamu anga anandiitana kangapo kuti ndizipita nawo ku usipa. Ndinkanamizira msana.

Ku Joniko ndinkagona m'kachisakasa ndi mnzanga wa ku Mozambiki, tonse amisiri omanga nyumba. Tsiku lina masana kunabwera gulu la anthu osafuna alendo. Anathira petulo pakhomo n'kuyatsa. Ine ndinatulukira kumbuyo, pomwe lata linali lakutha. Mnzangayo sanatuluke.

Mkazi wanga ndiye anamva kumsika wa ku Chipyela kuti kuchipatala kwabwera mayi wina wochokera kumtunda, wothandiza anthu amene anaona zoopsa.

"Mupite, bambo," anatero. "Ana amachita mantha mukayamba kunjenjemera. Sakuuzani chabe."

Ndinapita wapansi Lachiwiri lotsatira. Mayiyo anali wamng'ono kwa ine, wovala magalasi. Maulendo awiri oyamba tinangokambirana. Anandiphunzitsa kupuma modekha, ndipo anati ndisankhe malo amene mtima wanga umakhala pansi ndikawakumbukira. Ndinasankha munda wa chinangwa wa malemu amayi anga.

Ulendo wachitatu anakokera mpando wake pambali panga. "Ndiziyendetsa zala ziwiri uku ndi uku," anatero. "Inu muzizitsata ndi maso okha, mutu usagwedezeke, kwinaku mukuganiza za chitseko chija."

"Amayi, ine ndine munthu wa mpingo. Si zamatsenga zimenezi?"

"Nanenso ndine wa mpingo. Simugona, simukomoka. Mukafuna ndisiye, mungokweza dzanja."

Anandifunsa mawu amene amabwera limodzi ndi chithunzi cha chitsekocho. Ndinati, "Ndinamusiya." Anafunsanso kuti ululu wake uli pati, kuyambira ziro mpaka teni. Ndinati teni.

Zala zinayamba kuyenda. Poyamba ndinangodziona wopusa, munthu wamkulu kumatsata zala ngati mphaka. Pakapita kanthawi ankaima n'kufunsa, "Mwaona chiyani?" Ndikayankha, sankatsutsa kapena kunditonthoza. Ankangoti, "Pitirizani nacho chomwecho," zala n'kuyambanso. Tsiku limenelo ndinakweza dzanja kawiri, ndipo kachiwiriko ndinakasanza panja. Pobwerera ndinakhala pamwala m'mbali mwa njira ola lathunthu. Ndinauza mkazi wanga kuti sindipitanso, koma Lachiwiri litafika anandisitira malaya.

Pa ulendo wachisanu, zala zili mkati moyenda, ndinaona chinthu chimene ndinali nditachiiwaliratu. Nditatuluka muja sindinathawe nthawi yomweyo. Ndinabwerera palata lija, ndinalikoka ndi manja onse awiri, ndikufuula dzina lake, mpaka anthu ena anandigwira n'kundikokera kutali. M'chikhatho changa chamanzere muli chipsera chachitali. Zaka zonsezo ndinkauza anthu kuti ndinachekedwa pothawa, ndipo nanenso ndinkakhulupirira zomwezo.

"Mwaona chiyani?" anafunsa mayiyo.

"Ndinabwerera," ndinatero. Ndinalira ndithu, iye anangodikira.

Atafunsanso za ululu uja ndinati folo. Maulendo ena atatu atapita unafika pa wani, ndipo sunatsikenso. Iye anati palibe vuto, munthu anamwalira ndithu. Ndinamufunsa kuti maso akukhudzana bwanji ndi zimenezi. Anayankha mosabisa kuti ngakhale akatswiri sagwirizana chimodzi pa mmene zimagwirira ntchito, komanso kuti si onse amene zimawathandiza mofanana.

Patapita miyezi ingapo mayiyo anakwera sitima kubwerera kwawo. Sindinamuonenso.

Fungo la petulo sindilikondabe, ndipo mnzanga uja ndimamukumbukira masiku ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndikamukumbukira ndimadziwa kuti ndili ku Khuyu, ndipo ndimathanso kukumbukira zina: mmene ankaimbira pokanda matope, ndi tiyi wake wa shuga wambiri. Ku usipa sindinapite, madzi ndinawazolowera mochedwa. Ndinabwerera ku ntchito yanga yomanga. Chaka chatha ndinamangira alamu anga kanyumba kosungiramo maukonde ndi injini, pagombe pomwepo, ndipo ndinakamaliza m'masabata atatu.