Manja Osadzola a Gudrun

Gudrun Rombach anakalambira pa ntchito imodzi ku Freiburg: kukulunga ulusi wagalasi, woonda ngati tsitsi, pa kamkombero kokwana m'chikhatho. Kuwala kumathamanga mu ulusimo, ndipo kachipangizoko kamauza ndege yankhondo mmene yapendekera kuti isaphonye pomwe yaloza. Ulusi ukangopingasa penapake, kachipangizo kamanama. Gudrun sankakonda kuganiza za denga lomwe bodzalo lingagwetsepo bomba, koma ankaganiza ndithu.

M'chipinda chokulungiramo saloleza mafuta odzola, poti amaipitsa ulusi. Khofi anadziletsa yekha chifukwa amanjenjemeretsa zala. Ndiye nyengo yachisanu manja ake ankachita kung'aluka, kumvetsa chisoni.

"Kodi ndinakwatira mkazi kapena sandipepa?" ankamunyogodola mwamuna wake Ottmar.

"Sandipepa yemweyo ndi amene amakuphikira. Usiye kudya."

Koma bambo wamwano yemweyo ankakamwera khofi wake pakhonde, chipale chofewa chikugwa, kuti fungo lisamupatse mkazi wake nkhuli.

Chaka chino chala chamkombaphala chinayamba kunjenjemera chokha. Pang'ono chabe, palibe anaona. Gudrun anagwidwa mantha, poti ntchitoyo ankaikonda osati masewera. Anachibisa, nkumachipanikiza ndi chala chachikulu. Kenaka Lachinayi lina anaona pa galasi lokulitsa zinthu kuti ulusi wakwera pa unzake. Anamasula, nakonza. Lero waona, nanga tsiku lomwe sadzaona?

Anapita kwa kapitawo wake.

"Mayi Kienzle, dzanja landikana. Ikani wina pampando wanga."

"Musafulumire, Mayi Rombach. Mukhoza kumayendera ntchito ya anzanu."

"Ndizingopenya ena akukulunga? Mtima sungapirire."

Atafika kunyumba anangoti, "Ndasiya." Ottmar sanafunse zambiri. Anatsegula kabati, napisa kuseri kwa malaya ake, natulutsa kabotolo ka mafuta a m'manja, zolemba zake zitafwifwa.

"Unagula liti kameneko?" anafunsa Gudrun.

"Tili pa chibwenzi. Ndisanakupatse, unayamba kundiwerengera malamulo a kuntchito kwanuko."

"Ndiye anawonongeka kalekale."

"Mwina. Tabweretsa sandipepayo kuno."

Anayamba ndi chala chonjenjemeracho, kuchidzoza pang'onopang'ono. Gudrun analira, koma dzanja sanabweze.